Kafumbwe ndi Nkhuni za Chinkhoswe

Lolemba
Tagwetsa mtengo waukulu kwa abwana ku Noordhoek, kuno ku Cape Town. Unalowedwa ndi kafumbwe wochokera ku Asia, wochepa ngati njere ya chitowe. Amaboola thunthu n'kusiyamo matenda opha mtengo. Yekha sapita patali, amayendetsedwa ndi anthu onyamula nkhuni. Dongosolo n'losavuta:
- zipika ziunjikidwe padzuwa
- zifunditsidwe pulasitiki mpaka tizilombo tife
- pageti pasatuluke ngakhale chikuni chimodzi!
Kwathu ku Maitland kuli mtengo wa mapeyala womwe ndinadzala ndekha. Chaka chino ndiye wachita maluwa koyamba. Kafumbweyu mapeyala amawakonda.

Lachiwiri
Alamu anga a Mbewe, omwe amatuta zinyalala za m'minda pagalimoto yawo ya baki, abwera kudzatenga masamba. Maso pamulu. "Alamu, nkhuni zonsezi mwazifunditsa ngati wodwala malungo?" Loweruka kuli chinkhoswe cha mwana wawo, pabwalo pathu. Ndikuwafotokozera modekha, ndikuwaonetsa timabowo. "Bowo lake limeneli? Inu mumawerenga kwambiri."

Lachitatu
Mphepo yaulutsa pulasitiki, ndampeza pampanda wa aneba. Ndatsindira ndi njerwa. Masana akazi anga pafoni: "Achimwene akuti mwawamana nkhuni. Kumudzi amva kale." Ndatumiza nkhani ya kafumbwe pagulu la banja, ndi zithunzi zomwe. Mayankho:
- manja opemphera
- "Amen"
- "Nanga nkhunizo zifika liti?"

Lachinayi
Ndagula makala ndekha kuti nkhani ithe. Apongozi awayang'ana nthawi yaitali. "Awa ndi ootchera soseji wa azungu. Mpunga wa chinkhoswe umafuna chikuni."

Lachisanu
Abwana andituma kukagula manyowa. Pobwera, njerwa zilipo, pulasitiki wapindidwa bwinobwino, mulu palibe! Sisi Nomsa, wogwira ntchito m'nyumba, akuti: "Bhuti wabaki, mlamu wanu uja, anati mwamutuma ndinu." Ndikuimba foni. "Osadandaula alamu, zonse zipsa mawa. Moto ndi mankhwala." Zikundiwawa kuvomereza, koma mfundoyi ili ndi mutu: chopsa sichiuluka. Dongosolo latsopano: zipse zonse, mpaka phulusa.

Loweruka
Anzanga akuvina perekaniperekani, ine ndili kumafuwa ndi jekete, kusonkhezera moto. Chikuni pa chikuni! Amayi ophika: "Bambo inu, mukutipserezera mpunga, kakhaleni ndi amuna anzanu!" Andilanda chikuni m'manja. Kuphika kutatha azimitsa moto ndi madzi, ati nkhuni ku Cape Town sitiseweretsa. Potsanzikana, mlendo aliyense ndi kambale ka nyama m'manja, chikuni kukhwapa. China chapita ku Table View, china ku Dunoon. Ndaima pageti n'kumafotokoza za chitowe. Gogo wina wandifunsa ngati ndikugulitsa.

Lamulungu
Zotsala alamu aziunjika mwaulemu, motsamira thunthu la mapeyala anga. "Zanu izi alamu, pamthunzi. Ife sitidya tokha." Ndazikokera padzuwa n'kuzifunditsa pulasitiki wa patebulo la akwati. Koma zinali zitagona kale pathunthupo usiku wonse, ndipo kafumbwe sapempha chilolezo. Ndazungulira thunthu ndi magalasi owerengera. Bowo sindinalione, komabe ndawerenga kuti poyamba silioneka. Akazi anga pawindo: "Mapeyalawo akakhwima, oyamba tipatse achimwene. Atithandiza kwambiri nkhuni."

Ndavomera.