Mawondo Awiri Amene Anatsala pa Chipata

Khonde lachitatu kuchokera ku siteshoni,
Balaka.
Okutobala, 1973.

Kwa Bwana Mkulu Woyang'anira Ulemu pa Chipata,

Wolemekezeka Bwana,

Ndagwira mwendo wanu, mundilole ndikubereni kamphindi pa ntchito yanu yolemetsa. Ine ndine Hudson Namaona, telala wa pakhonde kuno ku Balaka, mwini wa galimoto yobiriwira ija inadutsa pa chipata chanu cha m'malire mwezi wathawu ikukankhidwa ndi anthu anayi. Chipatacho sindichitchula dzina, poti ndinaleredwa bwino. Khadi langa la chipani ndi la chaka chino, ndipo za tsitsi lalitali musade nkhawa, dazi linandiika m'lamulo kalekale. Ndikulemba kuti ndithokoze, komanso kuti ndifunse moyo wa chithunzi chimodzi cha mayi a kunyumba, a Lilian, chimene kalaliki wanu anatsala nacho tsiku limenelo.

Choyamba, zikomo chifukwa cha galimotoyo. Mwina simudziwa kuti munandigulira ndinu. Chiyambireni inu ndi anzanu kuyeza madiresi a amayi, makina anga sanazizirepo. Atsikana a ku Phalula, aphunzitsi, mpaka akazi a mabwana a ku Boma la Kasupe, onse amabwera atakulunga madiresi m'nyuzipepala kuti ndiwaonjezere m'munsi. Ndasoka mipendero zaka zisanu, mpendero pamwamba pa unzake, mpaka mipenderoyo inabala galimoto. Anthu a kuno anaipatsa dzina loti Kankhani. Ndi nsanje chabe, ngakhale ndivomere kuti siidzuka yokha m'mawa.

Chachiwiri, zikomo potilola kutuluka. Kalaliki wanu atandifunsa cholinga cha ulendo ndinati tikukaona madzi, ndipo iye anafuna kudziwa ngati Shire waphwa. Funso lanzeru, koma sindinathe kumuyankha pamaso pa mayi. Inu ndikuuzani. Chimwalirireni mwana wathu Ida, zaka zitatu zapitazo, a Lilian sindinawaonepo mano. Amaphika, amasesa, amapita kutchalitchi, koma kuseka kunawachoka, ndipo nyumba yathu inasanduka yoyendamo monyang'ama. Anthu ogwira ntchito m'sitima anandiuza kuti kumene ikuthera njanji yatsopanoyi, ku Nakala, kuli nyanja ya mchere yosaoneka tsidya. Ndinati tikaione. Osati pa sitima ngati matumba a mtedza iyayi, koma pa galimoto yathuyathu, ine pa chiwongolero, kumaima pamene tafuna.

Tinaimadi, bwana, kambirimbiri, kungoti si pamene tinkafuna.

Mchenga wa tsidya lija ulibe chisoni. Tisanafike ku Kuwamba tinatitimira katatu, ndipo katatu konse munkatuluka anthu m'thengo mmene ndinkayesa mulibe munthu, n'kutikankha akuimba. Zikwangwani zonse zili m'Chipwitikizi. Ndinkafunsa njira m'Chichewa, kenako m'Chiyao changa cha pakhonde, kenako ndi manja. Mkulu wina anandilozera kumadzulo ndi chibwano, kum'mawa ndi khasu, ndipo ndinathokoza zonse ziwiri. Petulo kumeneko sagulitsa m'magaloni, choncho aliyense wogwira mpopi ndinkangomugwedezera mutu mpaka atatopa yekha. Tayala litaphulika kachiwiri zigamba zitatha, ndinaphatikamo udzu wouma, ndipo Kankhani anayenda mtunda wautali akutsimphina ngati nkhalamba ya minga kuphazi. Zonsezi mayi ali phee pampando, poto wa nkhuku yootcha pamiyendo, maso kutsogolo.

Koma kukoma kwake, bwana! Pali chitsetsereko china pakati pa mapiri a miyala osalala ngati dazi langali, pamene ndinazimitsa injini, galimoto n'kumatsika yokha, mphepo ili kuwomba m'makutu. Ndinaimba nyimbo zonse za kwaya yathu, mawu a amuna ndi a amayi omwe. Tinadya timikate totentha tolimba kunja, tofewa m'kati, toti ukayamba suona polekera. Tinamwa madzi a kokonati. Palibe kondakitala wotikalipira, palibe wondiuza kuti sendera. Ndinadzimva mfumu, ine munthu wokhalira kupalasa makina pakhonde la mwenye.

Titatsala pang'ono kufika ku Nampula lamba wa injini anaduka. Telala sasowa chochita: ndinavula wanga wa m'chiuno n'kumangapo. Unagwira ntchito ndithu. Vuto linadza pa mpingiridzo wa asilikali, pamene anandiuza kuti nditsike ndionetse mapepala ndi manja onse awiri. Buluku linatsika lokha mwaulemu mpaka m'mapazi. Msilikali anatembenukira kumbali. Nditacheuka ndinaona a Lilian atatseka pakamwa ndi nsonga ya mpango, mapewa akugwedezeka pang'ono. Mawu sanatuluke, koma mtima wanga unadumpha, moti bulukulo ndikanatha kuligwetsanso dala.

Tsiku lachinayi tinaimva fungo nyanjayo tisanaione. Kenako msewu unakhota, ndipo dziko linangothera pomwepo. Mayi anatsika osandidikira, anavula nsapato, n'kulowa m'madzi pang'onopang'ono. Funde litabwera anagwira diresi ndi manja onse n'kulikweza kuti lisanyowe, chifukwa ndi munthu wosamala zinthu, ndipo linali diresi la Lamulungu. Fundelo silinasamale. Linawamenya mpaka kumaso, iwo n'kulawa mchere uja, n'kuyang'ana ine. Ndiye anaseka, bwana. Anaseka chikhakhali cha kale chija, chimene chinandichititsa kusoka kolala chadodolido tsiku limene ndinawaona koyamba. Ine ndinaima pamchenga nditagwira buluku, ndikulira ngati mwana, ndipo sindichita nazo manyazi. Wojambula wina woyendayenda m'mbali mwa nyanja anatchera kamera yake nthawi yomweyo. M'mawa mwake anatipatsa kapepala kamodzi. A Lilian anakayang'ana nthawi yaitali, n'kundifunsa ngati analidi iwo, kenako anakaika m'buku la nyimbo.

Chachitatu, ndipo ichi ndiye chachikulu, zikomo chifukwa cha kalaliki amene munamuika pa tebulo lija. Munthu ameneyu mumukweze. Pobwerera anafufuza Kankhani mpaka pansi pa mipando. Anatenga makokonati awiri kuti akawaunike, ndipo ndikhulupirira kuti pofika lero anapezeka osalakwa. Ananunkhiza botolo la madzi a m'nyanja. Kenako anakutumula buku la nyimbo, chithunzi n'kugwa. Anachiyang'ana, anatsegula kabati, natulutsa lula yoyezera, naigoneka pachithunzipo mosamala ngati dokotala. Anapeza mawondo awiri.

Ndinamufotokozera modzichepetsa kuti diresilo ndinasoka ndine, kuti limapitirira bondo ndi mainchi atatu, ndipo ndi lomwe mayi anavala pamaso pakepo. Ndinamubwereka tepi yanga. Anayeza, navomera kuti diresi la pathupi lili m'lamulo, koma la pachithunzi lapalamula. Ndinati mawondowo anaonekera m'dziko la eni. Anati n'zoona, koma tsopano akufuna kulowa m'dziko lino. Ndinati mawondo eniakewo akulowa ndithu, ali kunsi kwa diresi apa. Anati amenewo akulowa mobisala monga mwa chilolezo, ndipo mawu anga anawalemba m'buku. Bwana, ndakhala zaka makumi awiri ndi tepi m'khosi, koma nzeru yotere sindinaionepo. Ndinagoma. Chithunzi chinalowa m'kabati, kiyi n'kulira, ndipo anthu anayi aja anatikankhira kwathu.

Chachinayi n'chaching'ono. A Sufiyani, telala mnzanga wa khonde loyandikana, akulengeza msika wonse kuti ife tinathera pa Liwonde, tinagona masiku asanu ndi atatu pansi pa mlambe, ndipo madzi a m'botolo ndinathiramo mchere wa pagolosale. Wallahi, amatero akulumbira, Kankhani sangaoloke ngakhale ngalande. Zimenezi sizindipweteka. Mlomo wa a Sufiyani ulibe mpendero, ndipo ndinauzolowera.

Chondipweteka chili kunyumba. Chifikireni ku Balaka mayi sanasekenso. Abwerera kusesa ndi kuphika kuja. Buku la nyimbo amalitsegula pamalo pomwe panali chithunzi, n'kulitsekanso. Anandifunsa kamodzi kokha ngati abwana ayankha, ndipo ine, poti ndinali ndisanalembe n'komwe, ndinanama kuti makalata akuchedwa ndi sitima. Nkhope ija ndinaiona mphindi imodzi m'zaka zitatu, ndipo ndili ndi mantha kuti ndiyamba kuiiwala. Kankhani sangabwererenso ku Nakala, udzu wa m'tayala unatha mphamvu.

Tsono pempho langa nali, ndipo sindikufuna kuti muphwanye lamulo ngakhale ndi ulusi umodzi. Tengani sizasi. Ngati ofesi yanu ilibe yakuthwa, nditumiza yanga pa sitima ya Lachiwiri. Dulani chithunzicho m'chiuno, mowongoka, dzanja lisanjenjemere, chifukwa china kulibe. Mawondowo musunge ndinu. Muwatsekere m'kabati, muikepo mlonda, kuti mtundu wathu ugone tulo tabwino. Ife mutitumizire chakumtundacho basi.

Koma mukayeza n'kupeza kuti kusekako nakonso kwapitirira muyeso, mundilembere mainchi ololedwa. Kutsata sikudzativuta, bwana. Kunyumba kuno pakali pano kulibe n'komwe koti ndifupikitse.

Ine wanu wogwada, mawondo ali ophimbidwa bwinobwino,

Hudson Namaona,
Telala.