Makina Osatsukwa a Bambo Pulesha

Inu, tamverani za bambo wina amene anzake amangomutchula kuti a Pulesha, chifukwa pakamwa pake sipatuluka mawu ena. Munthuyu anasiya ntchito yabwinobwino n'kugula makina okamira mafuta m'zomera, ndipo ukamupatsa moni, wadziputira.

"Mpweya womwe uja wa m'zakumwa," amatero atatupa ngati finye, "ndimaupanikiza ndi pulesha, n'kuutenthetsa mpaka usokonezeke: si madzi, si mpweya. Ukalowa m'maluwa umakokolola fungo lonse. Ndikautsegulira, uwo fuu! Kutsala mafuta okhaokha."

Koma wogula kunalibe, makinawo ankangodya magetsi. Ndiye mayi wina, mwini fakitale ya mafuta odzola, anati abwera kudzanunkhiza mafuta a maluwa. Akawakonda, azigula kwa iye nthawi zonse. Apo ayi, a Pulesha abwerere kokagwada kuntchito kumene anatsanzika mwachipongwe.

M'mawa wa tsiku lobwera mlendoyo, mkazi wake anasuzumira m'shedi momwe munali makinawo.

"Bambo, makinawa mwatsuka? Paja dzulo mumakamiramo tsabola."

"Kutsuka? Mayi, iyi si poto ayi. Mpweya sudetsa!"

Zoonadi mpweya sudetsa. Koma nzeru zonse zija sizinamuuze kuti mpweya umachoka wokha, tsabola n'kutsala m'mapaipi. Wosamva adamva nkhwangwa ili m'mutu.

Mlendo anafika, n'kudonthezera mafuta padzanja ndi kuseri kwa khutu.

"Fungo ndiye lilipo," anatero. "Koma bwanji khutuli likutentha?"

"Ndiyo mphamvu yake imeneyo, mayi! Khungu lanu langozolowera zotchipa. Taonani ine."

Anthu inu, kunyada ndi matenda. Anatsanulira m'manja n'kudzola nkhope yonse, m'khosi, mpaka kupisa dzanja m'malaya kuti m'khwapa namo musadandaule. Anaima akumwetulira. Kumwetulirako kunauma. Misozi inayamba mbwembwembwe, ndipo chitsirucho chinaipukuta ndi manja omwewo.

"Mukulira?" anafunsa mlendo.

"Chimwemwe, mayi!"

Chimwemwecho chinamuvinitsa, mikono ili m'mwamba ngati nkhuku yofuna kuuluka. Posaona, anagunda chotsegulira mpweya ndi chigongono. Mpweya unalira mokuwa, chifunga chozizira chinadzaza m'shedi, aliyense n'kuyamba kutsokomola tsabola. Mlendo anathamangira kukhomo nsapato imodzi ili m'manja. A Pulesha anakwawira ku ndowa ya madzi n'kuviikamo mutu, osadziwa kuti madzi ndi tsabola ndi pachibale: moto unangofalikira mpaka m'mphuno.

Mkazi wake, manyazi atamugwira, anaperekeza mlendo akupepesa. Koma mwini wake manyazi anawadziwira kuti? Anavuula mutu m'ndowa, maso ali psuu, n'kukuwa:

"Ndiye mayi, tikusungireni mabotolo angati?"

Mayiyo anatembenuka atagwira khutu.

"Bambo, amenewo mukagulitse kwa obalalitsa anthu pa zipolowe. Ine makasitomala anga ndimafuna azibweranso."