Gulu la Pansi Lasowa Mwini

Lolemba
Lero ndiye lero! Mpira wa makoleji a Machinga ndi Balaka ndiukonza ine. Zaka zonsezi timu imagonja chaka chathunthu, n'kubweranso chaka chinacho osachita manyazi. Ganizo langa: magulu awiri, la Pamwamba ndi la Pansi. Wothera kumchira atsike, wopambana pansi akwere. Ndaimbira makochi anzanga, onse avomera. Timu yanga ya ku Balaka kuno ili pamwamba, n'zosachita kufunsa.

Lachiwiri
Avomera, inde, koma aliyense wadziika pamwamba. A Mussa, kochi wa ku Ntaja: "Nzeru zabwino, achimwene. Pansipo muikepo a ku Ngokwe." A ku Ngokwe akuti pansi mpoyenera a kwa Mposa. A kwa Mposa azimitsa foni. Pampando sindikukhazikika.

Lachitatu
Minibasi, kenako kabaza, kukawanyengerera pamaso. Takumana ku Ntaja. Zifukwa zokanira kutsika:
- a ku Ntaja: magolo awo ndi achitsulo, osati ansungwi
- a ku Ngokwe: goloboyi wawo akufunsira mbeta, sangakaonekere kwa apongozi ali wapansi
- a kwa Mposa: "Iyayi." Basi.
Ndabwerera ndi fumbi mpaka m'makutu.

Lachinayi
Ndasintha dzina. Si Gulu la Pansinso, ndi Gulu la Chiyembekezo. Palibe wapusitsika. Akunyumba, uku akusita malaya: "Bwanji osatsika inuyo, tipumeko pakhomo pano?" Ndatuluka panja. Ndikungozungulira mtengo wa mango.

Lachisanu
Tamvana! Matimu onse akumane pabwalo limodzi, wothera kumchira ndiye ayambitse Gulu la Pansi. Vuto ndi tsiku. Lero a ku Ntaja ali kumzikiti. Lamulungu theka la anyamata anga limaimba kwaya. Kwatsala mawa. Koma mawa otchinga kumbuyo anga awiri, mizati ya timu, amasunga Sabata! Ndawachonderera. Akuti andipempherera.

Loweruka
Ntaja yatichinya. Ngokwe yatichinya, goloboyi uja akuuluka ngati apongozi akumuonerera. Akumuonereradi, atakhala pamkeka kuseri kwa golo! Ngakhale a kwa Mposa, ena osavala nsapato, atithira zigoli mpaka ndasiya kuwerenga. Kumchira ndife. Ndikuyesa kufotokoza kuti lero kunali kungoyeserera. A Mussa akundisisita paphewa: "Lamuloli ndi lanu lomwe, achimwene."

Lamulungu
Kutchalitchi, nthawi yopatsana mtendere, aprinsipo a pakoleji yathu andidumpha n'kupatsa dzanja munthu wa kumbuyo kwanga. Mawa akundifuna kuofesi. Gulu la Pansi layamba, lili ndi timu imodzi. Chaka chonse tilibe wosewera naye. Anyamata akufunsa ngati mawa kuli pulakatisi. Ndawauza abwere ndithu. Chikho cha pansi ndi chathu kale, bola tisadzichinye tokha.