Mizere Yanu Iwiri ndi Mwezi wa Idi

Kwa Bwana Pulofesa,
Mkulu wa Kafukufuku wa Kaonedwe ka Maso,
Ku Yunivesite.

Bwana wolemekezeka,

Ndikuulula kuti masiku anayi tsopano sindikugona, ndipo vuto si udzudzu. Ndi mizere yanu iwiri ija.

Ine ndine Habibu Chande wa ku Kanyenda, munthu wa Fomu 2 chabe. Kwa zaka khumi ndakhala woonera mwezi pamzikiti pathu. Ndikati waoneka, anthu amaleka kufunga, kusala kudya kwa Ramadhani kuja, m'mawa mwake Idi. Poti masiku ano a matipate ngakhale nkhuku ili ndi ufulu wolankhula, ndiloleni ndithokoze.

Choyamba, zikomo potitumizira ophunzira anu, Tedson ndi Sofiya. Anafika pa matola, makadi a kafukufuku ali m'jumbo ya shuga. Ana aulemu, ndipo njala amaipirira kuposa ife ofungafe.

Chachiwiri, anandionetsa mizere iwiri yokhala ndi timivi kunsonga, n'kufunsa wautali. Ndinalumbira Wallahi, m'mwezi wa Ramadhani, kuti ndi wam'munsi. Sofiya anaikapo rula: yofanana. Atachotsa rula, wam'munsi uja unakulanso ine ndikuona. Nditafunsa mankhwala ake, Tedson anati yankho lili m'buku, bukulo lilipo limodzi, ndipo lili kunyumba kwanu kuyambira chaka cha referendamu. Mulungu akudalitseni polisunga bwino chotero.

Chachitatu ndi tchimo langa. Chifukwa cha manyazi, pa makadi makumi awiri otsalawo ndinangoyankha kuti zofanana, ngakhale pomwe panali njovu ndi kapu. Anawo analemba zonse mokhulupirika. Ngati mwauza kale azungu kuti anthu a kunyanja sasiyanitsa njovu ndi kapu, anthuwo ndi ine ndekha. Ndayambanso kukayika ngati pachisankho paja ndinavotera chizindikiro chomwe ndinkafuna, koma izo tizisiye.

Nkhani yafika kale kwa Shehe Kalilu, ndipo akumandiyang'ana cham'mbali. Mwezi tikuuyembekeza pakatha masiku asanu ndi limodzi. Ndikanena kuti waoneka pomwe ndi kamtambo, mudzi wonse udya tsiku lofunga, mlandu pamutu panga. Ndikakhala chete mwezi ulipo, ndafungitsa anthu pa Idi, tchimo linanso, osawerengera zomwe andiuze mayi a kunyumba mpunga atausankha kale.

Choncho ndagwada, bwana. Mundiyankhe pasanathe masiku asanu ngati maso onama papepala angakhale mboni ya zakumwamba. Ngati sangathe, bwerani nokha mudzationere mwezi. Mkeka tikuyalirani. Kanyenda ndi kumpoto kwa boma la Nkhotakota. Mukasochera funsani Tedson, poti iye anthu amene mumawalembawo anawaonapo.

Ine wanu wosayenera,
Habibu Chande.