Mmene ndinaberekera Misi Infomeshoni

Mpaka lero ndikamadutsa pa sukulu ya pulayimale ya kwathu kuno ku Golomoti, njinga ndimaipalasa ngati ndikuthawa njuchi. Sindinabe kanthu ayi. Chinandipachika ndi Chingerezi.

Chaka chimene kolera inavuta chija, kunabwera bambo wina wa zaumoyo kudzayankhula nafe alimi a mpunga. Chichewa amachidziwa bwinobwino, koma Chingerezi amangothiramo ngati mchere.

"Anthu akukana katemera chifukwa cha misinformation," anatero. "Misinformation yafika mudzi uliwonse. Musamailandire m'nyumba zanu!"

A Chimbalanga, achikulire amene tinayandikana minda, anandikodola. "Alembi, misinformation ameneyo ndiye ndaninso?"

Ine ndinali mlembi wa kalabu yathu, munthu woti ndinafika Fomu Thuu (kawiri konse). Ndinene kuti sindikudziwa? Liwulo ndinangolithyola pakati ngati nzimbe. Misi ndimamudziwa, ndi mkazi wosakwatiwa. Infomeshoni ndi nkhani.

"Ndi mayi wina wake wosakwatiwa, woyenda ndi nkhani," ndinanong'ona. "Akunamiza anthu."

"Wakonkuno?"

"Mwamva nokha, akuti wafika mudzi uliwonse."

Ndinauza munthu mmodzi yekha, abale anga, mmodzi! Koma Lachitatu mkazi wanga anabwera kuchokera kuchigayo atamva kuti mayi uja amavala magalasi. Lachinayi mayiyo anali ndi njinga yofiira. Pofika Loweruka anali atapezeka. Kwathu kuno woti ana amamuitana kuti Misi analipo mmodzi yekha, mphunzitsi wa Sitandade Faifi, a Nachisale. Wosakwatiwa, wamagalasi, ndiponso amakonda kuwerengera azimayi nkhani za pa foni akamadikira madzi pamjigo. (Njinga yawo inali yakuda, koma anthu anati anaipenta.)

Zinthu zinaipa msanga. Pamjigo ndowa yawo amaichotsa pamzere. Ogulitsa tomato amawayang'ana kumbali. Makolo ena analetsa ana kupita kusukulu. Koma ine kumsika anthu amandipatsa moni wa manja awiri, ati alembi ndiwo anamutulukira. Sindinawatsutse. Kutamandidwa kumakoma, ndisaname.

Lolemba masana ndikupeta mpunga pakhonde, ndinangoona a Nachisale akulowa pabwalo, dikishonale ili m'khwapa, pambuyo pawo khamu la anthu.

"Bambo, akuti ndinu amene munandipatsa dzina."

"Ine aphunzitsi, sindinatchule munthu..."

"Chigwireni chibukuchi. Pezani pamene palembedwa kuti liwuli ndi mkazi."

Ndinatsegula, ndinanyambita chala, ndinatembenuza mapepala mpaka thukuta. Iwo anandilanda bukulo n'kutembenukira kwa anthu.

"Misinformation si munthu. Ilibe magalasi, ilibe njinga. Ndi nkhani yabodza imene ikufalikira, ndipo nthawi zambiri woifalitsayo amayesa kuti akunena zoona. Monga ija yoti katemera amatseka kubereka."

"Eyaa," anatero a Chimbalanga, amene anaima kutsogolo ngati sizikuwakhudza. "Tipatseni chitsanzo china, timvetse."

A Nachisale anangondiloza ndi dikishonale. Anthu anaseka mpaka ena kukhala pansi, ndipo woseka kwambiri anali mkazi wanga yemwe, amene anabweretsa magalasi aja!

Chilango chinali choti ndikakonze ndekha. Ndinaima kutchalitchi itatha Misa, ndinaima kuchigayo, ndinaima kumsika, kulengeza kuti mayi uja kulibe, ndinachita kumupeka ndi ine. Bodza linayenda lokha masiku anayi osatopa, koma choonadi ndinachinyamula pa njinga milungu itatu, ndipo paliponse chimafika chili wefuwefu.

Kumapeto ndinafika ku Mtakataka. Ndinafotokoza zonse bwinobwino kwa mayi wina wogulitsa usipa, kuyambira pa msonkhano mpaka pa dikishonale. Iye anandimvetsera modekha, akuingitsa ntchentche, kenako anatsitsa mawu.

"Musaope, bambo, pano tili awiri. Wakuopsezani Misi uja, eti?"