Mzere Wotsimphina wa Mayi Deolinda

M'tauni yathu ya m'chigawo cha Alentejo, aliyense ankadziwa kuti ukakameta kwa a Hermínio mutu wako usanduka ng'oma. Bambowa sankamva ndakatulo ndi makutu okha, ankaiyeza mayendedwe pogogoda chala pamutu pa amene akumumetayo. Ngakhale ansembe anagogodedwapo.

Amene anaona zakuda ndi mayi Deolinda, ophika buledi. Chaka chomwe boma lankhanza linagwa, mayiwa analemba ndakatulo yonena za tsiku limene olima adzadye zolima zawo. Khumbo lawo linali limodzi, kukailakatula pachikondwerero cha ufulu mu Epulo. Tsoka ilo, wosankha ndakatulo za tsikulo anali wometa yemweyo.

"Mayi, mzere uwu mwaumaliza ndi *pão*, winawu ndi *revolução*," anatero a Hermínio akugogoda dazi la munthu. "Buledi ndi kugwetsa boma, chifukwa chongoti mawuwo akumveka mofanana kumapeto! Wonjezeranitu *cão*, nayenso galu alowe chipani."

"Zimetani anthu, bambo inu, lumo lili m'manja osati pakamwa!" anayankha mayiwo.

Komabe anakakonza. Chaka chotsatira anamva zina: "Ndime yachiwiriyi ikulira ngati kumaliro. Chiyembekezo chinayamba liti kuvala zakuda?" Anakonzanso. Koma mzere womaliza, umene unkaperewera phatikizo limodzi, anakana kwamtuwagalu kuukhudza.

"Ukutsimphina, mayi! Chala changa chikutsala m'malere!"

"Chitsale! Nanga zimene boma latsopanoli linatilonjeza zija zinafika zonse?"

Tsiku limenelo wometedwa anatopa kudikira, n'kupita kwawo ndi tsaya limodzi losameta.

A Hermínio anatisiya m'nyengo yozizira yapitayi asanaivomere ndakatuloyo. Mu Epulo mayi Deolinda anakwera pansanja kukailakatula. Atangoyamba, anaona amuna pabwalo lonse akuvula zipewa. Anayesa ndi ulemu, koma ayi ndithu, aliyense ankadzigogoda yekha pamutu monga ankachitira wometa uja. Pamzere womaliza zala zonse zinatsala m'malere, kudikira chosowacho. Mayiwo anaseka mpaka misozi, ndipo sinali ya chimwemwe chokha.

Masiku ano pamalo ometera paja n'potseka, ndipo mitu yathu ili pamtendere wosasangalatsa. Aliyense amauza mayi Deolinda kuti ndakatulo yawo ndi yabwino kwambiri. Iwo amangogwedeza mutu.

"Yabwino chiyani," amatero, "mzere womaliza ukutsimphina."