A Gienek ndi masupuni a ku Ustka

Ku Ustka konse, tauni ya m'mphepete mwa nyanja, kunalibe munthu amene ankasiya supuni patebulo a Gienek akalowa m'nyumba. Sikuti anali akuba ayi. Mukanawasiyira makiyi mwezi wathunthu, mukanapeza zonse zili m'malo mwake. Koma supuni, iyayi. Ankaidula chogwirira, kuisula ndi nyundo, kuiboola uku ndi uku, kumangirirapo mbedza, basi yasanduka nyambo yokokera kumbuyo kwa boti kuti ikope nsomba zazikulu za salimoni.

Amene ankawadziwa kuposa onse ndi a Waldek, mnzawo wa m'boti limodzi kwa zaka makumi atatu. Iwowa ndiwo ankachita manyazi m'malo mwawo.

Pa lesitilanti ya padoko, mayi Danuta anatopa mpaka anayamba kuwapatsa msuzi wa nsomba ndi foloko.

"Mayi, msuzi ndimwe ndi chimenechi?"

"Imwerani m'mbale momwemo, bambo Gienek. Mbale simungaimangire mbedza."

A Gienek anaitembenuza mbaleyo, naiyang'ana kunsi nthawi yaitali. Mayiwo anaikwatula msuzi usanathe.

Nzeru zawo pa nyambo zinali zambiri kuposa nsomba za m'nyanja. Kukawala dzuwa, ankaponya ya siliva. Kukachita mitambo, yamkuwa. Madzi akada, ankapaka mzere wobiriwira ndi penti wa pampanda wa aneba. Nyambo iliyonse yatsopano ankayamba aiyesa m'bafa lodzaza madzi, atagwada, akuikoka ndi ulusi kuti aone ngati ikuvina ngati kansomba kovulala. Ikangozungulira ngati nguli, ankaitukwana n'kuibwezera pansi pa nyundo.

Pa mbedza ndiye panali nkhondo yosatha. A Waldek ankakonda ya mano atatu.

"Imodzi, iwe Waldek, imodzi yokha koma yonola bwino! Ya mano atatu ndi ya anthu opanda chikhulupiriro."

"Nsomba sipita kutchalitchi, mdala iwe."

"Ndiye chifukwa chake imakuthawa. Imaona kuti ndinu amodzi."

Ankakangana choncho kuyambira padoko mpaka mtunda utabisika, mphepo ikuluma makutu, tiyi akuzizira m'botolo.

Ngakhale ansembe sanapulumuke. Anawaitana a Gienek kukakonza chitseko, nawapatsa tiyi. Loweruka lake a Gienek anakagwada kukalapa.

"Bambo, ndinatenga kasupuni."

"Ka ndani?"

"Kanu. Koma kagwira nsomba ya makilo khumi ndi awiri."

Ansembe anafunsa motsitsa mawu: "Nanga nsombayo yatha?"

Chaka chimene mayi Jadwiga, akazi a Waldek, anamwalira, nthabwala ija inafika poipa. Mayiwa anali ndi kasupuni kasiliva kochokera kwa amayi awo, ndipo moyo wawo wonse sanadyerepo kena. Maliro atatha, a Waldek ankakaika patebulo nthawi iliyonse ya chakudya, n'kumangokayang'ana mpaka mbatatesi zitazizira. A Gienek ankabwera masana aliwonse kudzakhala nawo. Tsiku lina atachoka, kasupuni kanasowa.

A Waldek sanakalipe. Anangokhoma chitseko. Nyengo yonse yozizira sanawalankhule a Gienek, ndipo akawaona pamsewu ankawolokera tsidya lina. Boti linakhala padoko chipale chofewa chitaunjikana pamwamba. Popeza patebulo panalibenso choyang'ana, ankadya msanga n'kutuluka kukayenda m'mphepete mwa nyanja, akutukwana mnzawo chamumtima.

Mwezi wa Malichi, m'mawa wina, anamva kugogoda. A Gienek anaima pakhomo chipewa chili m'manja, natulutsa kasupuni m'thumba. Kanali kathunthu, kopukutidwa mpaka kung'anima.

"Umangokayang'ana osadya, iwe. Ndinaona kuti utsatira Jadwiga Khirisimasi isanafike. Ndinati bola undide koma uzidya."

A Waldek analandira kasupuniko.

"Komanso n'kolemera kutsogolo," anawonjezera a Gienek akupukuta mphuno. "Ndinakayesa m'bafa. Sikavina."

Imeneyo ndi supuni yokhayo imene anabwezapo m'moyo wawo wonse. Tsiku lomwelo anakakolopa boti.

Anawedza limodzi zaka zina zisanu ndi chimodzi. Chaka chatha, mwezi wa Epulo, a Waldek anadikira padoko injini ikulira mpaka dzuwa litakwera. Atapita kukawaona a Gienek, anawapeza m'kashedi kawo atakhala pampando, tupa ali m'manja, mutu utagwera pachifuwa. Anawagwira paphewa, nazindikira kuti mnzawo wapita kalekale.

Padoko pano pali zii. Anthu amagula nyambo za m'sitolo zonyezimira bwino, amadutsana n'kupatsana moni, aliyense n'kulowa m'boti lake. Palibe wokuwa kuchokera patali kuti wamanga molakwika. Mayi Danuta amati makasitomala amadya mwaulemu kwambiri masiku ano, mpaka iwo amayatsa wailesi kuti mumveke phokoso.

A Waldek anakhala milungu itatu osapita panyanja. Tsiku limene anapita, anatsegula bokosi la nyambo, naima pamenepo osadziwa chotenga. Zaka zonsezo ankangodikira mnzawo asankhe kuti iwo atsutse. Anatola ina iliyonse, naponya zingwe ziwiri zokha, chifukwa munthu mmodzi sangawongolere boti n'kuyang'anira zisanu ndi chimodzi.

Chakumasana ndodo yowedzera inapindika. Inali nsomba yaikulu ndithu. Analimbana nayo mpaka manja anachita dzanzi, naifikitsa pafupi ndi boti, msana wake ukuoneka pansi pa madzi.

"Ukonde, Gienek! Fulumira, iwe!"

Ukonde unali pamalo pake, utatsamira mpando wopanda munthu. Pamene ankautambasulira dzanja, chingwe chinakhwefuka, nsomba n'kudzipotokola, n'kumira.

Anakulunga zingwe, natembenuza boti. Atafika padoko, mayi Danuta anali panja akupukuta matebulo.

"Zayenda bwanji, bambo Waldek?"

"Yandipulumuka yaikulu."

"Pepani," anatero mayiwo mwachifundo, napitiriza ntchito yawo.

A Waldek anaimabe kanthawi chingwe cha boti chili m'manja, akudikira wina awauze kuti ndi chitsiru. Palibe anawauza.